Kabawi amatera pathandala la mbalame koma chithunzi chikukanika: pogwira ndi pati?

Vuto lake limayamba chonchi. Mwakhoma kathandala kuseri kwa nyumba, m'mawa uliwonse mumawazapo mapira kapena misere, pambali mwaikapo phale la madzi. Njiwa zazolowera, mpheta zazolowera, apumbwa nawo amafika ndi phokoso lawo lija. Ndiye tsiku lina muli pakhonde ndi kapu ya tiyi, mungomva phuu! mbalame zonse balala, ndipo panthambi ya gwafa pakhala kabawi, maso psuu, akuyang'ana pansi. Muthamangira foni m'nyumba. Potuluka mupeza nthambi ikugwedera yokha. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lomwe mwakwanitsa kujambula, chotuluka ndi kadontho kakuda pakati pa masamba, koti mukaonetsa mnzanu akufunsani ngati ndi chisa cha mavu.

Ine ndavutika nazo zimenezi zaka zingapo kuno ku Chipata, kunsi kwa phiri la Kanjala, ndipo nthawi yaitali ndinkaimba mlandu foni. Ndinabwereka kamera yabwino kwa mlamu wanga, zithunzi zinatulukabe zomwe zija. Apo mpamene ndinazindikira kuti zambiri zimalakwika munthu asanagwire n'komwe kamera. Ndiye tiyambire kumeneko.

Mumamuona mochedwa, akunyamuka kale

Ngati mukudalira maso, mwachedwa kale. Akabawi ang'onoang'ono a m'makomo sabwera poyera. Amauluka chapansipansi motsata mpanda, n'kutulukira pakona ya nyumba mwadzidzidzi, kapena amabisala m'kati mwa mtengo wa mango n'kukhala duu mpaka mbalame zitaiwala. Amene amayamba kumuona ndi mbalame zomwe mukudyetsazo, ndipo zimalengeza. Ntchito yanu ndi kuphunzira kumva.

Apumbwa akaona mphaka kapena njoka amalalata mosalekeza, akudumphadumpha pamalo amodzi, mitu ili pansi. Akaona kabawi kulira kwake n'kwakufupi, kenako onse m'tchire lowu, n'kuti zii. Kuti zii kumeneko ndiye belu lanu. Pabwalo pomwe panali phokoso pakangoti chete nthawi imodzi, musadzuke, musatembenuke msanga. Yendetsani maso okha m'mitengo. Nthengu ndi wina wothandiza: saopa, amatsatira kabawi kumbuyo akumujompha, choncho mukaona nthengu akupita ndi kubwerera pa mtengo umodzi ali wolusa, yang'anani m'mtengomo. Kungoti nthengu ndi wabodzanso, amatha kuliza chenjezo lonama kuti anzake athawe asiye chakudya, ndiye musamukhulupirire nthawi zonse. Wosanama ndi thadzi la anapiye. Nkhuku ili ndi kulira kwa mdani wa m'mwamba ndi kulira kwina kwa mdani wa pansi, ndipo aliyense wokulira pamudzi amadziwa kaphokoso kotalika kaja kamene kamapangitsa anapiye kumwazikira pansi pa nkhokwe.

Chinanso, kabawi ali ndi chizolowezi ngati munthu. Tengani kope, muzilemba nthawi yomwe wafika, mbali yomwe watulukira ndi nthambi yomwe watera. Pakatha masabata awiri kapena atatu muona kuti sizongochitika. Wa kwathu kuno amakonda m'mawa dzuwa litangowomba padenga, ndi madzulo njiwa zikamatsikira kumadzi, ndipo nthambi yake ndi imodzi, youma, ya mtengo wa kesha. Mukafuna kuipeza msanga nthambi yotere, yendani pansi pa mitengo muyang'ane pomwe pali zitosi zoyera zowazikira patali ndi mulu wa nthenga zozulidwa. Pamenepo mpamene amasosolera nyama yake.

Mukaidziwa nthambiyo, khalani pampando iye asanafike, kamera ili pamiyendo yoyatsa kale. Mpando ukhale pamalo amodzi tsiku ndi tsiku kuti uzolowereke, inu mutsamire khoma kapena mukhale mumthunzi. Malaya oyera asiyeni a ku tchalitchi. Akatera, musamuyang'ane m'maso ndipo musakweze kamera nthawi yomweyo. Dikirani atembenuze mutu, kwezani pang'ono, akayang'ana imani. Akuluakulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinakhala m'mawa usanu ndi umodzi wotsatizana pampando womwewo ndisanapeze chithunzi choti n'kuonetsa munthu.

Simukudziwa kuti ndi uti

Ife timangoti kabawi, mphamba, kamtema, ndipo mayinawa amasinthana malinga ndi mudzi. M'mabuku a mbalame ndi mitundu yambiri, ndipo kuidziwa kumathandiza chifukwa kasakidwe kake n'kosiyana.

Wobwera kawirikawiri m'makomo ndi amene mabuku amamutcha Shikra: kukula kwake ngati njiwa yaikulu, msana wotuwa ngati phulusa, pachifuwa timizere tofiirira topingasa, maso a wamwamuna ofiira. Amadya kwambiri abuluzi ndi ziwala, mbalame amagwira mwa apo ndi apo. Little Sparrowhawk ndi wocheperapo, ali ndi madontho oyera pamchira, ndipo ameneyu ndiye mdani weniweni wa mpheta. African Goshawk ndi wamkulu, amakonda mitengo yowirira, amagwira njiwa. M'mamawa amazungulira m'mwamba kwambiri akulira kamodzikamodzi ngati munthu akumenyanitsa timiyala. Lizard Buzzard savuta: amakhala poyera pa waya kapena pa mtengo wa magetsi, pakhosi poyera pali mzere umodzi wakuda wotsika, miyendo yofiira. Ameneyu mbalame zanu alibe nazo ntchito kwenikweni, akufuna abuluzi ndi mbewa zobwera kudzatola zogwa, ndipo ndi wofatsa kotero kuti woyamba kumene kujambula ayambire pa iye. Pali wina wamkulu wotuwa wa nkhope yachikasu yopanda nthenga, African Harrier-Hawk, amene amalendewera pa zisa za atchete akupisa mwendo m'kati.

Mphamba wa mchira wa mphanda ndi mlomo wachikasu, Yellow-billed Kite, ndi wanyengo. Amafika cha mu Ogasiti, nthawi yomwe anthu akukonzekera mwambo wa Kulamba ku Mkaika, n'kuchoka mvula ikamatha. Satera pathandala, amangozungulira ndi kutsika n'kukwatula.

Chosokoneza anthu ambiri ndi ana. Mwana wa kabawi sakhala wotuwa, amakhala wabulauni wa madontho kapena mizere yotsika pachifuwa, ndiye munthu amayesa ndi mtundu wina. Komanso wamkazi amakhala wamkulu kuposa wamwamuna. Choncho musadalire kukula kokha. Jambulani mchira, miyendo ndi maso, ngakhale chithunzi chikhale choipa. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin Bird ID, ya Cornell Lab of Ornithology, ndi yaulere ndipo imayesa kuzindikira mbalame kuchokera pachithunzi. Imalakwitsa nthawi zina, makamaka pa anawa, ndiye mufunsenso kwa odziwa monga a BirdWatch Zambia kapena operekeza alendo ku Mfuwe.

Mbalame ikutuluka bii, thambo lili mbee

Ili ndi vuto la dzuwa. Kamera ikaona thambo lowala imachepetsa kuwala pachithunzi chonse, mbalame n'kusanduka mthunzi. Mankhwala oyamba ndi mpando: dzuwa likhale kumsana kwanu. M'mawa khalani kum'mawa kwa thandala muyang'ane kumadzulo, madzulo musinthe. Kumbukiraninso kuti Chipata ili kumwera kwa equator, choncho m'miyezi yachisanu, Meyi mpaka Julayi, dzuwa limayenda chakumpoto tsiku lonse. Nyengo imeneyo khalani kumpoto kwa thandala. Kumapeto kwa Okutobala masana dzuwa limakhala paliwombo penipeni, maso a mbalame amalowa mumthunzi, ndipo kutentha kumavinitsa mpweya kotero kuti chilichonse chapatali chimaoneka ngati chili m'madzi. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko nyengo imeneyo ingopumani. Utsi wa lupsa ndi fumbi la Seputembala zimayeretsanso thambo, ndiye yesetsani kuti kumbuyo kwa mbalame kukhale masamba kapena phiri.

Ngati simungathe kusuntha, uzani kamera iwonjezere kuwala. Pa kamera pali batani la +/-, lomwe amati exposure compensation. Likwezeni pa +1, thambo likawala kwambiri mpaka +2. Pafoni dinani pa mbalameyo, patuluka kadzuwa kapena kamzere, kakokereni m'mwamba. Thambo liyera mopitirira, koma musadandaule, mukujambula kabawi osati mitambo.

Chithunzi chikutuluka chosaoneka bwino

Pali zifukwa zitatu zosiyana, ndipo muyenera kudziwa chanu ndi chiti. Likulitseni chithunzicho muone. Ngati zonse zili zopakika, mbalame ndi nthambi yomwe, ndiye kuti dzanja lanu linagwedera. Tsamiritsani kamera pa chinthu: ine ndimadzaza mpunga mu sokosi yakale n'kuika pa mpanda wa khonde, lenzi n'kugoneka pamenepo. Ngati nthambi ili bwino koma mbalame yapakika, shutter speed, liwiro lomwe kamera imatsegulira ndi kutsekera diso lake, ndi yochepa. Kabawi wokhala amafuna 1/500 ya sekondi, wouluka amafuna 1/2000 kapena pafupi pamenepo. Kuti zimenezi zitheke m'mamawa muyenera kukweza ISO, nambala yothandiza kamera kuona pamene kuwala kuli kochepa, ifike 1600 ngakhale 3200. Chithunzi chikhala ndi timchenga, koma timchenga ndi bwino kusiyana ndi chopakika. Ngati tsamba la kutsogolo likuoneka bwinobwino koma mbalame ayi, fokasi inagwira tsambalo. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi m'malo molola kamera kusankha yokha, ndipo kadonthoko kaikeni pa diso. Kabawi asanafike, yesererani pa nthambi yake ija, ndipo tinthambi tiwiri titatu totchinga tiduleni. Osati kusadza mtengo wonse, adzasiya kuterapo.

Jambulani motsatizana mwa kukanikiza batani osalekeza, maka akayamba kuwerama ndi kutula chitosi, chifukwa nthawi zambiri akatero ndiye kuti akunyamuka.

Za foni ndinene mosabisa. Kukoka chithunzi ndi zala mpaka kumapeto sikubweretsa mbalame pafupi, kumangokulitsa timadontho. Foni imachita bwino mbalame ikakhala pafupi, kapena mukaigwirizitsa ku diso la zoonera patali zija za binoculars, zitagonekedwa pa sokosi ya mpunga. Zimafuna kuyeserera, ndipo mbalame youluka iwalani. Njira ina ndi kuimika foni pafupi ndi phale la madzi n'kuisiya ikujambula vidiyo, inu n'kuchokapo, chifukwa mu Okutobala akabawi nawo amatsika kudzamwa ndi kusamba. Fulashi zimitsani.

Ojambulira m'nyumba: pukutani galasi mbali zonse, zimitsani magetsi m'chipindamo, gundikizani lenzi pagalasi pakati pa zitsulo, ndipo tsekani katani kumbuyo kwanu. Kutsegula zenera kabawi atafika kale ndi kumuthamangitsa, litsegulenitu.

Mbalame zonse zathawa, kapena akuzimaliza

Walira mvula walira matope. Mukasonkhanitsa njiwa pamalo amodzi tsiku lililonse, mwaitananso wodya njiwa. Kabawi amaphonya kambiri kuposa momwe amagwirira, ndipo akachoka mbalame zimabwerera posakhalitsa. Zikapanda kubwerera kwa masiku, thandala lanu lili poyera kwambiri. Lisunthireni pafupi ndi pothawira, mamita atatu kuchokera ku mpanda wa zitsamba, nsungwi kapena mulu wa nthambi za minga. Musaligundike pa tchire penipeni, pamenepo mphaka adzakuthokozani.

Onaninso mazenera. Mbalame yothawa imaona mitengo mugalasi n'kudziwombetsa, ndipo kabawi wothamangitsa amachita chimodzimodzi. Thandala likhale kufupi kwambiri ndi zenera, osapitirira mita imodzi, kapena kutali kopitirira mamita 10. Pakatikati mpamene zimafika ndi liwiro lakupha.

Akakhazikika n'kumagwira tsiku lililonse ndipo mtima wanu sukupirira, siyani kuthira chakudya sabata imodzi kapena ziwiri. Mbalame zimwazikana, iye apita kwina. Ndipo akagwira njiwa pamaso panu musamuthamangitse. Njiwayo yavulala kale, iye akapita kukagwira ina, ndiye mwaphetsa ziwiri.

Aneba abwera ndi dandaulo la anapiye

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse a kamera. Kwa ine linafika Loweruka lina mu Novembala.

"Odi kuno aneba!"

"Fikani amayi, khalani apa."

Sanakhale. Anaima atagwira m'chiuno, chitenje chili chonyowa ndi zochapa. "Atate, mbalame zanu zomwe mukudyetsazi zaitana mlendo. Dzulo wandilanda mwanapiye wachitatu. Inu mukujambula, ine ndikulira."

Pakamwa panga panali patadzaza kale mayina a m'mabuku, ndinkafuna kuwauza kuti wanga uja amadya abuluzi. Mwamwayi ndinameza. Mayi amene wataya anapiye atatu safuna phunziro, ndipo anapiye amenewo ndi sopo, ndi makope a ana, ndi ndiwo za alendo pa Khirisimasi. Ndinangoti, "Pepani kwambiri amayi. Ndiloleni ndikhale kwanu mawa m'mawa ndione wakubayo." Anandipatsa kampando pafupi ndi khola. Wakuba anali mphamba, amene ankazungulira pamwamba pa dzala lomwe tonse a mzere umenewo tinkatayamo matumbo a nkhuku ndi nsomba. Koma sindinapite kukadzitama kuti ndilibe mlandu, chifukwa African Goshawk nayenso amatenga anapiye, ndipo thandala langa linali mamita ochepa kuchokera kumpanda wawo.

Tinachita izi. Thandala ndinalisamutsira mbali ina ya nyumba, kutali ndi nkhuku zawo. Ndinagula waya wa nkhuku kumsika wa Kapata, mwana wawo wamwamuna n'kukhoma kakhola kotseka pamwamba koti thadzi ndi anapiye azikhalamo masabata oyamba, mpaka atamera nthenga ndi kuchenjera. Kutseka pamwamba ndiye nkhani yake; mpanda wa m'mbali wokha suletsa wobwera kuchokera kumwamba. Matumbo tinagwirizana kuti tizikwirira. Ndalama ya wayayo inandiwawa, koma inali yochepa poyerekeza ndi kusalankhulana ndi aneba, kapena kupeza kabawi atafa ndi poizoni.

Kusiyanitsa thandala ndi khola kuli ndi phindu linanso. Mbalame za m'tchire ndi nkhuku zikamadyera ndi kumwera pamodzi zimatha kupatsirana matenda, ndipo chitopa chikagwa m'mudzi simufuna kuti zala ziloze kwanu.

Ndiwonjeze kanthu kamene ndinaphunzira mochititsa manyazi. Munthu woloza kamera yaitali cha kumpanda amakayikitsa, makamaka kumene mabafa ali panja. Auzenitu aneba zomwe mukuchita, aonetseni zithunzi, ndipo mbalame ikatera mbali ya bafa lawo, tsitsani kamera, chithunzi chimenecho chipite.

Anyamata a malegeni musawakalipire, adzabwera inu kulibe. Ine ndinawabwereka zoonera patali, mmodzimmodzi, ndipo mmodzi ataona diso la kabawi pafupi anangoti, "Ah, akundiyang'ana!" Tsopano ndi iwo amandiuza komwe watera. Koma musawalipire kuti akuonetseni chisa, ndipo akakubweretserani mwana wa kabawi musagule. Mukagula kamodzi, chaka chamawa zisa zonse za m'phiri zidzaphwasulidwa. Ndiponso lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 sililola kugwira kapena kusunga nyama za m'tchire popanda chilolezo. Mukapeza kabawi wovulala, mufundikeni ndi nsalu mosamala zikhadabo, muikeni m'katoni yoboola pamalo amdima, musamukakamize kudya kapena kumwa, ndipo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama za m'tchire, Department of National Parks and Wildlife. Zomangirira mwanapiye pabwalo kuti kabawi atsike mumujambule, zimenezo ndi nkhanza, ndipo mukumuphunzitsa ntchito yomwe idzamuphetsa.

Njiwa zikuoneka zodwala

Mukaona njiwa yofufuma nthenga, yonyowa pamlomo, ikulephera kumeza, siyani kudyetsa nthawi yomweyo. Pali nthenda ya zilonda za pakhosi, trichomonosis, yomwe imafalikira pa madzi ndi chakudya chodyera pamodzi, ndipo kabawi akadya njiwa yodwalayo amaitenga. Tsukani phale ndi thandala, muziumitse padzuwa, mudikire masabata awiri kapena atatu. Masiku onse madzi azisinthidwa m'mawa uliwonse, zomwe zimaletsanso udzudzu kuswana. Chakudya muziwaza chongokwanira kutha tsiku lomwelo. Chimanga kapena nsawa zachuku musapereke. Mapira, mawere ndi mpendadzuwa wouma bwino ndi zokwanira, ndipo kuno kum'mawa sizisowa.

Zotsala usiku zimaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana mankhwala a makoswe. Khoswe wodya poizoni safa nthawi yomweyo, amayenda mozandima masana, kabawi kapena kadzidzi n'kumutola. Tcherani misampha m'malo mwake, ndipo sesani pansi pa thandala madzulo.

Wangosowa

Nthawi zina mwachita zonse bwino koma sabwera. M'chilimwe, mvula ikuyandikira, ambiri amakhala pa zisa, wamkazi saoneka kwa masabata. M'dzinja ziwala ndi abuluzi zimachuluka paliponse, thandala lanu alibe nalo ntchito. Pitirizani kusintha madzi ndi kulemba m'kope, koma kamera muilozetse kwina. Mvula yoyamba ikagwa, madzulo a tsiku lomwelo kapena mawa lake, pitani pomwe pali chulu chotulutsa inswa. Amphamba amasonkhana pamenepo ambirimbiri, akuuluka chapansi pang'onopang'ono, akugwira inswa ndi phazi n'kumadyera m'mwamba momwemo. Imani dzuwa lili kumsana, shutter speed pa 1/2000, +1 pa kuwala, ndipo tengani pepala la pulasitiki lofundikira kamera. Mutengenso mbale, chifukwa ana otola inswa adzakufunsani chomwe mwabwerera manja lendee.